Chisoni cha Imfa ya Mbale ndi Mankhwala Ochokera ku Bowa

Munthu akamwalira, anthu amathamangira kukapepesa makolo ndi wamasiye, koma mbale wake wa bere limodzi amaiwalika. Kulira maliro nkwachibadwa. Komabe chisoni chikapitirira miyezi 6, munthu nalephera kudya, kugona ndi kulima, amenewo ndi matenda. Bungwe la World Health Organization likuwawerengera chomwecho kuyambira 2022.

M'maiko ena madokotala akuyesa mankhwala otchedwa psilocybin, opezeka mu mtundu wina wa bowa. Wodwala amamwa mamiligalamu 25, nagona m'chipinda maola 6 mpaka 8, alangizi ali pambali pake. Amaona zinthu ngati kutulo, ndipo m'masiku otsatira amakambirana nawo zimene zinamanga mtima wake. Dziko la Australia linaloleza mankhwalawa mu 2023, koma kwa odwala nthenda ya kuvutika maganizo okhaokha amene mankhwala ena anawakanika. Pa chisoni cha maliro, kafukufuku akupitirira.

Tsono musakazule bowa wachilendo kuthengo. Wina amaononga chiwindi ndi kupha, ndipo psilocybin angathe kudzutsa misala mwa anthu ena. Chisoni chikakulemerani, kafotokozeni kuchipatala chapafupi. Mutu umodzi susenza denga.