Luni, caper ndi nkhani ya kutupa m'thupi

Mwina ena mwa inu mwaonapo uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook wotamanda kachipatso kotchedwa caper, wonena kuti kamathetsa kutupa m'thupi ndipo kamachiza matenda ambirimbiri. Kachipatso kameneka simungakapeze pa msika wa Manje. Kamamera m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Italy, Spain, Morocco ndi Turkey. Kumeneko amathyola maluwa ake asanamasule, komanso tizipatso take, n'kuziviika mu mchere kapena mu vinega kuti azikometsera nsomba ndi nyama.

Chomera chimenechi chili ndi m'bale wake kuno kwathu. M'baleyo ndi luni, ndiwo yomwe imamera yokha dzinja likafika, m'mbali mwa makola ndi m'minda, yomwe agogo amaikonda pamene ambirife timaikana kuti ndi yowawa. Kale akatswiri a zomera ankaika luni ndi caper m'banja limodzi. Masiku ano anazilekanitsa, komabe zonsezi zili m'gulu lalikulu limodzi ndi mpiru, repu, kabichi ndi chamwamba.

Kodi kutupa n'chiyani?

Mukadzicheka ndi mpeni kapena kulumidwa ndi njuchi, malowo amatentha, amatupa ndipo amapweteka. Apo ndiye kuti thupi latumiza magazi ambiri ndi asilikali ake kukamenyana ndi tizirombo ndi kukonza chilonda. Kutupa kotere n'kwabwino ndipo kumatha ntchito ikatha. Vuto limabwera pamene chitetezo cha m'thupi chikhala chili pankhondo kwa miyezi ndi zaka, mosaonekera kunja. Kutupa kwa mtundu umenewu kumawononga mitsempha ya magazi pang'onopang'ono, ndipo kumagwirizana ndi matenda a mtima ndi a shuga.

Muli chiyani m'zomera zimenezi?

Kuwawa kwa luni ndi kuyabwa kwa mpiru sikungobwera. Masamba ake ali ndi timichere totchedwa glucosinolate. Tsamba likadulidwa kapena kutafunidwa, timichereti timasintha n'kutulutsa fungo ndi ukali umene chomeracho chimathamangitsira tizirombo tomwe tikufuna kuchidya. Caper ndi luni zonse zili ndi mtundu umodzi wa timichereti wotchedwa glucocapparin.

Palinso gulu lina lotchedwa flavonoid, lomwe muli quercetin, rutin ndi kaempferol. Caper imadziwika kuti ili ndi quercetin wambiri kuposa zakudya zambiri, koma quercetin amapezekanso mu anyezi, tiyi ndi masamba obiriwira amene timagula tsiku ndi tsiku.

Ofufuza akayesa timichereti pa maselo a mu labotale ndiponso pa mbewa, amapeza kuti timachepetsa zinthu zimene thupi limatulutsa poyambitsa kutupa. Izi n'zoona. Chimene ogulitsa mankhwala a zitsamba sakuuzani n'chakuti poyesapo amagwiritsa ntchito mlingo waukulu woposa umene ungapezeke m'mbale ya ndiwo, ndipo matumbo a munthu amatengako quercetin wochepa chabe n'kulowetsa m'magazi. Komanso caper wa m'botolo amakhala ndi mchere wochuluka kwambiri, choncho sayenera kudyedwa wambiri ndi munthu wodwala BP.

Nanga kwa amene ali ndi kachirombo ka HIV?

Kachirombo ka HIV kamachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chikhale chotakasika nthawi zonse, ndipo uku n'kutupa kosaonekera kuja. Chimene chimachepetsa kutupa kumeneku kwenikweni ndi mankhwala a ma ARV, chifukwa amaletsa kachiromboko kuswana. Palibe tsamba kapena chipatso chimene chingagwire ntchito imeneyi.

Makolo athu akukumbukira chaka cha 1995 pamene anthu ochuluka zedi anakhamukira ku Machinga kwa a Billy Chisupe kukamwa mchape poganiza kuti achira Edzi. Nthawi imeneyo kunalibe kwina kothawira. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, ndipo kuyambira 2019 anthu ambiri akumwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Wosiya mankhwalawa chifukwa cha ufa wa m'kabotolo amapatsa kachirombo mpata woswananso, ndipo nthawi zina kamasiya kumva mankhwala.

Dziwaninso kuti mapiritsi a calcium, a iron ndi mankhwala ena a chilungulira amatha kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi ngati zamwedwa pamodzi. Musanayambe kumwa chilichonse choonjezera, kaya ndi cha ku famase kaya cha kwa asing'anga, uzani a chipatala kuti akuuzeni nthawi yoyenera.

Luni idyeni ngati ndiwo, pakuti ili ndi iron, calcium, vitamini A ndi vitamini C. Pophika musathire soda, amapha mavitamini. Musaphike nthawi yaitali, ndipo madzi ophikira musataye onse chifukwa timichere tambiri timathawira m'madzimo. Ngati kuwawa kukukuvutani, sakanizani ndi bonongwe kapena nkhwani, thirani tomato ndi anyezi, n'kutendera ndi nsinjiro. Ikachuluka dzinja, ifutseni ndi kuyanika pamthunzi kuti mudzadye m'chilimwe ndiwo zamasamba zikadula pa msika.