Chigayo cha malamulo sichipita kunkhokwe

Ku America nkhani ya ukwati siyendera lamulo limodzi ngati kwathu kuno. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, aphungu ake komanso bwanamkubwa wake. Msinkhu wolowera m'banja amagwirizana okhaokha kumeneko. Mpaka 2017 zigawo zonsezo zinkalola mwana wosakwana zaka 18 kulowa m'banja, bola makolo kapena woweruza milandu avomere. Ku New Hampshire, kachigawo ka kumpoto chakum'mawa, lamulo linkalola mtsikana wa zaka 13 kukwatiwa ndi mnyamata wa zaka 14 kukwatira. Mwana wa zaka 13 mumamudziwa, abale anga. Ndi uja amene mumamutuma mchere pa okala akaweruka kusukulu.

Kuti timvetse mmene lamulo lotere limasinthidwira, tiyeni tipite kuchigayo. Chigayo chili ndi injini, malamba ndi wogayitsa, koma sichidzabwera kunkhokwe kwanu kudzatenga chimanga. Wina atonole, apete, asenze thumba. Nyumba ya malamulo nayo imagaya zokhazo zimene anthu abweretsa.

Ku New Hampshire thumba analisenza ndi Cassandra Levesque, mtsikana wa m'tauni ya Barrington, ali kusekondale komanso m'gulu la Girl Scouts. Atamva zomwe lamulo la kwawo linkanena, anapita kwa phungu wa dera lake n'kumupempha kuti akapereke bilu yokweza msinkhuwo kufika pa 18. Kumeneko phungu si munthu wapatali. Nyumba yaing'ono ya malamulo ili ndi aphungu 400, malipiro awo ndi madola 100 pachaka, ndiye ambiri ndi anthu opuma pantchito kapena a mabizinesi ang'onoang'ono amene anthu amakumana nawo kusitolo.

Kufika pachigayo si kugayitsa. Pali mzere, ndipo thumba lopanda mwini limangokankhidwira kumbuyo. Mabilu amabwera mazanamazana chaka chilichonse. Ubwino wake, ku New Hampshire bilu iliyonse imakhala ndi tsiku lake pamaso pa komiti mumzinda wa Concord, ndipo nzika iliyonse ikhoza kulembetsa dzina n'kulankhula kwa mphindi zochepa. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya anthu wamba: kudziwa tsikulo, kupempha tchuthi kuntchito, kudzaza mipando, kulembera phungu kalata, kumuimbira foni. Amene anakwatiwa ali ana amaima n'kufotokoza zomwe zinawachitikira. Sukulu ndi imene imayamba kutayika. Ndiponso mtsikana wa zaka 16 banja likamuwawa amavutika kulemba loya, kusuma kuti ukwati uthe kapena kulandiridwa kunyumba zothawirako nkhanza, chifukwa pamaso pa lamulo akadali mwana. Analoledwa kulowa, koma potulukira n'pothina.

Mu 2017 biluyo inakanidwa. Aphungu ena ankati msilikali wachinyamata amene akupita kunkhondo asaletsedwe kukwatira chibwenzi chake choyembekezera. Koma magetsi akathima pachigayo simutaya chimanga m'ngalande. Mumabwera mawa lake. Levesque anabweranso, ndipo mu 2018 bwanamkubwa Chris Sununu anasaina lamulo loika msinkhu pa 16.

Apa m'pamene ambiri amatayira mtima, ena amakwiya, ena amavina ngati zatheka. Onsewo alakwitsa. Zaka 16 zinali ngati kukonola: gaga wachoka, mphale yatuluka, koma nsima simungaphike. Mphale muilandire, muiviike, muiyanike, kenako mubwererenso pamzere. Levesque anachita zoposa pamenepo. Chaka chomwecho anaima pa chisankho ali ndi zaka 19, napambana, n'kukhala mmodzi wa aphungu 400 aja. Kunja nako anthu sanagone. Bungwe la Unchained At Last, lomwe anayambitsa ndi Fraidy Reiss, linkasonkhanitsa amayi pakhomo pa nyumba za malamulo atavala madiresi oyera aukwati, maunyolo ali m'manja. Mu 2018 Delaware inakhala chigawo choyamba kuletseratu ukwati wa ana, New Jersey n'kutsatira. Ku New Hampshire Sununu anasaina lamulo la zaka 18 mu 2024, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2025.

Pankhaniyi ife a Malawi tinatsogola. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika msinkhu wa ukwati pa 18, koma malamulo oyendetsera dziko ankalolabe wa zaka 15 ngati makolo avomera. Atsikana ngati Memory Banda ndi mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inkathetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu, sanaleke kulankhula, ndipo mu February 2017 mpata umenewo unatsekedwa. Nafenso tinagaya kawiri.

Ku America ntchito ikadalipo yambiri, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi chigayo chake ndi mzere wake. Pofika 2024, lamulo la ku California linali lisanatchule msinkhu wochepetsetsa wolowera m'banja, ndipo zigawo zoposa 30 zinkalolabe mwana wosakwana zaka 18 kukwatiwa.