Makina Owazira Nkhuni: Yambani Mwadziwa Pampu ya Thalakitala

Tauni ya Kafue ili pafupi ndi malo awiri aakulu opangira magetsi, Kafue Gorge yakale imene inayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndi Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 imene inatsegulidwa mu 2023. Komabe pa cilala ca 2024, madzi atacepa m'madamu, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja a ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound anabwerera ku mbaula ndi ku mafuwa. Koma asodzi a ku Chanyanya amene amawamba nsomba, oocha njerwa, ndi ophikira ana m'masukulu ogonera komweko, iwo sanasiyanepo ndi nkhuni n'kale lomwe.

Nkhuni za banja limodzi nkhwangwa imazikwanitsa. Koma munthu wowaza ngolo yathunthu sabata ndi sabata amafika poganizira makina, makamaka ngati pa famu kapena pa kopaletivu pali kale thalakitala yaing'ono. Makina amenewa ndi osavuta kuwamvetsa. Pali mtanda wacitsulo pogoneka cipika, mpeni wokhuthala wonga mutu wa nkhwangwa, ndi silinda imene imakankhira cipikaco pa mpeni mpaka cing'ambike. Alibe injini yaoyao. Amamangidwa kumbuyo kwa thalakitala, pa mikono itatu imene imanyamula pulawo, ndipo amayendera oilo wocokera ku pampu ya thalakitalayo kudzera m'mapaipi awiri a mphira.

Apa ndi pamene ndalama za alimi zingatayikire. Wogula amakopeka ndi nambala ya matani yolembedwa pambali pa makina, ndipo amaganiza kuti aakulu ndiwo abwino. Nambala imeneyo inayesedwa pa pampu ina, osati ya thalakitala yake.

Pampu ili ndi miyeso iwiri, ndipo uliwonse uli ndi nchito yake. Woyamba ndi ukali umene oilo amakankhira, umene amisiri amauyesa m'mabar. Mathalakitala ang'onoang'ono ambiri amafika pakati pa mabar 140 ndi 200. Waciwiri ndi kuculuka kwa oilo amene pampu imatumiza pa miniti imodzi, poyesa m'malita. Ukali ndiwo umapatsa silinda mphamvu yong'amba mtengo, pamene malita ndiwo amaipatsa liwiro. Silinda yonenepa imakankha kolimba, koma imameza oilo wambiri isanafike kumapeto, kotero kuti pa pampu yaing'ono imayenda ngati bilimankhwe.

Mwacitsanzo, thalakitala ili ndi pampu ya malita 20 pa miniti ndi mabar 170. Silinda ya mamilimita 100 m'mimba mwake, yoyenda masentimita 60, imafuna malita 4.7 kuti ituluke yonse. Idzatenga masekondi 14 kupita ndi ena 11 kubwerera, ndipo idzakankha ndi mphamvu yopitirira pang'ono matani 13. Pa thalakitala yomweyo, silinda ya mamilimita 125 idzakankha matani 21, koma ulendo wopita ndi kubwera udzadya masekondi 41. Pa ola limodzi yoyambayo ingamenye maulendo oposa 140, yaciwiriyo osafika 90, pamene dizilo akutha cimodzimodzi. Silinda ya mamilimita 75 imapita ndi kubwera m'masekondi 14 okha, koma mphamvu yake ndi matani 7 ndi theka, okwanira bulugamu woongoka koma ocepa pa cipika ca mfundo kapena pa mtengo wouma gwa ngati tsanya wa ku cigwa ca Zambezi.

Tsono funso loyamba si lakuti makina ndi a matani angati, koma lakuti zipika zimene zidzawazidwa n'zotani. Wogula matani 21 kuti aziwazira bulugamu wa pa famu walipira mphamvu imene sadzaigwiritsa nchito, ndipo mnyamata wa nkhwangwa yakuthwa angamusiye kumbuyo dzuwa lisanafike pamutu.

Miyeso ya pampu imalembedwa m'buku la thalakitala, koma bukulo liyenera kuwerengedwa mosamala. Mathalakitala ena ali ndi mapampu awiri, ina ya ciongolero ndi ina ya zipangizo, ndipo ogulitsa amakonda kuphatikiza malita a onse awiri kuti nambala ioneke yaikulu. Oilo wa ciongolero safika ku makina owazira. Ndiponso nambala ya m'buku ndi ya pampu yatsopano, injini ikulira pamwamba. Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975 ndipo ena akali kuigwiritsa nchito m'mafamu, pampu yake yonyamulira pulawo sinali kufika malita 20 ngakhale pamene inali yatsopano. Lero, itagwira nchito zaka 50, imatumiza ocepera pamenepo, makamaka oilo akatentha. Mabuku a ku America amalemba m'magaloni a malita 3.8, a ku Britain m'magaloni a malita 4.5, ndipo 2,500 psi ndi mabar 172. Makaniko wokhala ndi geji angayese zonsezi pa thalakitala yeniyeniyo ndalama zisanatuluke m'thumba. Akulu anati safunsa anadya phula.

Palinso nkhani ya valavu, imene ambiri saiganizira. M'mathalakitala ang'onoang'ono ambiri oilo amazungulira kosaleka, ndipo valavu ya makina iyenera kumulola kudutsa kubwerera ku thalakitala pamene silinda yaima. Mathalakitala ena, monga a John Deere aakulu ocokera m'zaka za m'ma 1960, amasunga oilo ali wopanikizika ndipo amafuna valavu yotseka. Kuika valavu yotseka pa thalakitala ya oilo wozungulira kumacititsa pampu kulimbana ndi khomo lotseka tsiku lonse. Oilo amatentha, mphira za m'kati zimauma, ndipo pampu imatha msanga. Popeza m'mathalakitala ambiri oilo yemweyu ndiye amafewetsa magiya, vutolo silithera pa pampu pokha. Kopaletivu imene yaononga thalakitala powaza nkhuni m'kutentha kwa Okutobala idzapezeka ilibe colimira mvula ikagwa mu Novembala, ndipo mamembala adzabwereka ya eni ake pa mtengo wokwera, mbeu zitacedwa kale.

Ngati pampu ya thalakitala ili yocepa, njira ina ilipo. Pali makina okhala ndi pampu ndi thanki yaoyao, amene amazunguzidwa ndi citsulo ca kumbuyo kwa thalakitala cochedwa PTO, cozungulira ka 540 pa miniti. Ndi okwera mtengo, koma amathamanga, ndipo oilo wa thalakitala sakhudzidwa. Njira yosafuna ndalama ndiyo kudula zipika zazifupi, za masentimita 30 kapena 40, ndi kuimitsa silinda isanabwerere yonse.

Makina amenewa sapatsa munthu ufulu wogwetsa mitengo. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna cilolezo ca Dipatimenti ya Nkhalango kwa wodula mitengo kuti agulitse, ndipo makina amapindulitsa mlimi amene ali ndi munda wake wa mitengo yobzala. Ubwino wao ndi wakuti zipika zokhota ndi zamfundo, zimene owaza ndi nkhwangwa amazisiya m'munda kuti ziswe zidye, zimasanduka nkhuni, ndipo nkhuni zowaza zimauma msanga ndi kuyaka popanda utsi wambiri.

Wogwira makina ayenera kukhala mmodzi, woika cipika yemweyo ndiye wokoka cogwirira, cifukwa anthu akakhala awiri zala za wina zimapanikizika mnzake asanaone. Cipika cigwiridwe m'mbali, osati kumapeto. Paipi yodontha isafufuzidwe ndi dzanja, pakuti oilo wa mabar 170 wotuluka pa kabowo konga ka singano amaboola khungu. Bala lake limaoneka laling'ono, koma wovulalayo ayenera kupita ku cipatala nthawi yomweyo ndi kuuza madokotala kuti m'thupi mwalowa oilo wa makina.