Mmisiri wa Zitsulo za Miyendo Asakhale Kutali

Mbiri ya zitsulo zochirikiza miyendo ikutiphunzitsa chinthu chimodzi: dokotala payekha sangayendetse mwana wopuwala popanda mmisiri pambali pake.

M'chaka cha 1875, dokotala Hugh Owen Thomas wa mumzinda wa Liverpool anafalitsa njira yake yogwirira mwendo ndi chitsulo kuti fupa lisagwedezeke. Iye anali ndi wosula zitsulo ndi wosoka zikopa pamalo ake omwewo, ndipo chitsulo chilichonse chinkapangidwa molingana ndi msinkhu wa wodwala. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse, Robert Jones anafalitsa chitsulochi pakati pa asilikali othyoka ntchafu, ndipo ambiri anapulumuka.

Koma zipangizo za ku Ulaya zinali zodula. Nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1960 Ronald Huckstep, ali ku Kampala, anaphunzitsa amisiri kupanga zitsulo zotsika mtengo ndi waya wolimba, zikopa ndi matabwa. Kuno kwathu bungwe la Malawi Against Polio linayamba ntchito mu 1979, ndipo antchito ake ankayendera zipatala za m'maboma, kuyesa ana miyendo ndi kuwapatsa zitsulo, ndodo ndi njinga.

Katemera anagonjetsa poliyo, ngakhale kuti mu 2022 matendawa anapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe ndi ana ena m'chigawo cha Tete. Komabe ntchito ya mmisiri sinathe. Ana obadwa ndi mapazi opindika alipobe, ndipo namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anavulaza anthu ambiri m'tsinde mwa phiri la Mulanje.

Vuto lagona apa. Mwana amakula, koma chitsulo sichikula. Chikathina chimatupitsa mwendo ndi kuyambitsa zilonda. Mwana amachivula, nayambanso kukwawa, nasiya sukulu. Kwa kholo la ku Muloza, ulendo wa ku Blantyre ndi ndalama zimene likadagulira chimanga.

Tsono tikupempha aphunzitsi kuti aziyang'ana nsapato ndi malamba a ana otere monga momwe amayang'anira makope awo, ndi kudziwitsa makolo msanga. Akuluakulu a boma nawonso aganizire zophunzitsa achinyamata a ku Mulanje konko luso lokonza zitsulozi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisamusiye akukwawa chifukwa cha lamba mmodzi woduka.