Masheya anga a 2008 anadzafolera nyumba ku Mbulumbuzi

Abale anga a geni, ine ndimapikula tomato pa Mbulumbuzi kuno kwathu ku Chiradzulu n'kukagulitsa mu Limbe. Sukulu ndinalekezera pa Fomu 2. Tsono pomwe ndinanena kuti ndagula masheya m'chaka cha 2008, mlamu wanga anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mlamu, mwagula pepala? Bwanji osagula mbuzi?"

Kunena zoona nthawi yake inali yoipa. Mu September chaka chomwecho banki yaikulu ya Lehman Brothers inagwa ku America, wailesi ili pokopoko kuti chuma cha dziko lonse chadwala. Msika wathu wa masheya mu Blantyre, Malawi Stock Exchange, unali wakhanda ndithu, poti kampani yoyamba, NICO, inalowapo mu 1996. Sipanatenge nthawi, mtengo wa masheya anga unatsika kuposa momwe ndinagulira. Tulo ndinkauona ngati? Ndinapita kwa buloka kuti andigulitsire, iye n'kundiuza kuti ogula palibe. Ife timadziwa kuti tomato akakhala wopanda kasitomala mawa waola, ndiye mtima unali phaa! Koma sheya siiwola, ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Ikapindula, amakugawirako kangachepe pa sheya iliyonse. Ndinaika chikalatacho pansi pa sutikesi n'kuchiiwala.

Mlamu uja zake anasunga ku buku la banki. Mu May 2012 boma la mayi Joyce Banda linatsitsa kwacha, dola imodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250. Ndalama zake m'bukumo zinalipo zonse, osasowa ngakhale tambala, koma feteleza yemwe zikanagula anachepa. Mu 2015 kunabweranso mpungwepungwe wa Malawi Savings Bank, ngongole za mabiliyoni osabwezedwa, mpaka boma linaigulitsa kwa a FDH. Osunga ndalama sanataye kanthu, komabe pa msika aliyense ankanong'ona zokatapa zake n'kukwirira m'nyumba. Zimenezo ine ndimakana, chiswe ndi mbava sizipereka risiti.

Musandimve molakwa, sindikuti mutenge mpamba wa geni kukagula masheya ayi. Ndalama ya katapila kapena ya banki m'khonde ndiye musayerekeze n'komwe. Ine ndinaikako yomwe ndikanatha kuiiwala zaka khumi, ndipo zaka zina gawo langa la phindu silinkakwana ngakhale thiransipoti yopita ku Limbe.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasakaza boma lathu, anthu ambiri anafa, ine denga ndi khoma limodzi zinapita. Ndipamene ndinakumbukira za mu sutikesi. Ndinagulitsa theka la masheya aja, ndalama zinatenga masabata angapo kuti zifike, ife tikugona kukhitchini. Zinakwana malata 24 ndi matumba a simenti. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu November, malatawo anali ali padenga kale.

Wokhoma malatawo anali mlamu yemwe uja. Ali pamwamba ndi hamala anandifunsa kuti ofesi ya bulokayo ili pati mu Blantyre.