Magazi pa mswaci ndiwo ciyambi ca matenda a nkhama

Anthu ambiri mu mzinda wa Lusaka amapita kwa dokotala wa mano pokhapokha dzino likawasowetsa tulo. Koma matenda a nkhama, amene ena amawachula kuti ciseyeye, sayamba ndi ululu. Amayamba ndi timagazi m'malovu potsuka mano, ndipo pamene dzino liyamba kugwedera, fupa limene limaligwira limakhala litadyeka kale.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation linanena m'lipoti lake la mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni ali ndi matenda aakulu a nkhama. Matendawa sayang'ana mpanda wa nyumba. Wokhala ku Roma angadwale cimodzimodzi ndi mnansi wake wa ku Ng'ombe.

Gwero lake ndi litsiro lofewa limene limamata pamene dzino likumana ndi nkhama. Litsirolo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo timacititsa nkhama kutupa, kufiira ndi kucha magazi. Likasiyidwa limauma ngati mwala, ndipo mswaci sungathenso kulicotsa.

Mu 1965, ku Denmark, katswiri wa mano Harald Löe ndi anzake anapempha anthu a nkhama zabwino kuti aleke kutsuka mano. Pofika masabata atatu, onse anali ndi nkhama zotupa. Atayambanso kutsuka, nkhamazo zinacira patapita pafupifupi sabata imodzi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: akaona magazi amaleka kutsuka pamalopo poopa kudzipweteka, pomwe magaziwo akusonyeza kuti pamalopo pafunika kutsukidwa bwino.

Matenda akakula, nkhama zimalekana ndi dzino ndi kusiya mpata umene mumabisala tizilombo. M'kamwa mumanunkha, nthawi zina mumatuluka mafinya, ndipo mano amaoneka ngati atalika. Dzino lingagweduke lilibe ndi bowo lomwe. Pamenepa acipatala angaletse matendawa kupitirira, koma fupa limene latha silimeranso lokha.

Odwala matenda a shuga ayenera kusamala koposa. Shuga wokwera amakulitsa matenda a nkhama, nazonso nkhama zodwala zimacititsa kuti shuga avute kutsika. Fodya ali ndi cinyengo cake: amacepetsa kucha magazi, motero wosuta amaganiza kuti ali bwino pamene fupa likutha. Amayi apakati ndi anthu amene citetezo ca m'thupi mwao cacepa cifukwa ca HIV nawonso amatupa nkhama msanga.

Citetezo cake n'cochipa poyerekeza ndi mtengo wa dzino loikirira. Mano ayenera kutsukidwa kawiri pa tsiku kwa mphindi ziwiri, makamaka usiku pokagona, ndi mswaci wofewa komanso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mswaci uzipendekera ku nkhama, osati kupala mano ngati m'phika wopserera. Akamaliza, munthu alavule thovu popanda kucukuca ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Pakati pa mano, pamene mswaci sufika, pafunika ulusi wotsukira mano kamodzi pa tsiku. Mswaci usinthidwe pakapita miyezi itatu, ndipo usabwerekedwe ngakhale kwa m'bale.

Mswaci wa kamtengo umene makolo anali kutafuna umacotsa litsiro ngati ugwiritsidwa nchito mosamala. Makala ndi phulusa, zimene ena amatama kuti zimayeretsa mano, zimapala dzino ndi kuvulaza nkhama.

Ngati magazi akupitirira kwa masabata awiri munthu akutsuka bwino, ndi nthawi yoonana ndi acipatala. Angayambire pa kiliniki ya kufupi, imene ingamutumize kumene kuli odziwa za mano. Zipatala zazikulu za UTH ndi Levy Mwanawasa zili ndi zigawo za mano. Kumeneko amapala litsiro louma lija ndi zida zapadera. Ena amaopa kuti kupalako kumasiya mipata ndi kugwedeza mano, koma mipata imene imaoneka pambuyo pake ndi imene matenda anakumba kale, litsirolo linali kungoiphimba.