Mchere wobisala m'mbale ya ramen

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ku Tokyo kapena ku Osaka, anthu ochoka kuntchito amafola mzere pakhomo pa timalo todyera ramen. Tambiri n'tating'ono, mipando ingapo yokha yondandalikidwa moyang'anizana ndi wophika. Pakhomo pamakhala makina: uponyamo ndalama, udina batani, kenako tikiti upatsa wophika. Posakhalitsa mbale yafika ikufuka nthunzi, pamwamba pali kagawo ka nyama ya nkhumba, dzira lodula pakati, mphukira za nsungwi ndi anyezi wamasamba. Anthu amadya mwachangu, akukoka ma noodles ndi phokoso, ndipo kumeneko zimenezi si mwano.

Chakudyachi chinachokera ku China. Malo otchedwa Rairaiken, amene anatsegulidwa ku Asakusa mu 1910, ndi amodzi mwa oyamba kuchitchukitsa ku Japan. Ma noodles ake ndi a ufa wa tirigu wokandidwa ndi madzi a kansui, amene amagwira ntchito ngati chidulo: amawapatsa mtundu wachikasu ndi kutanuka m'kamwa.

Koma nkhani ya thanzi ili mu msuzi. Ku Fukuoka amawiritsa mafupa a nkhumba kwa maola ambiri mpaka msuzi uyere ngati mkaka. Ku Sapporo amathiramo miso, phala la soya wofufumitsa ndi mchere. Ena amagwiritsa ntchito sosi wa soya, enanso mchere basi. Kukoma kwake kumachokera ku glutamate, imene katswiri Kikunae Ikeda anaipeza m'ndere za m'nyanja mu 1908 n'kutcha kukomako umami. Vuto n'lakuti mafuta amaphimba mchere, moti lilime silidandaula ngakhale wachuluka.

Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni imodzi ya tiyi. Mbale imodzi ya ramen, msuzi ukamwedwa wonse, kawirikawiri imafika pamenepo kapena kupitirira. Nkhomaliro yokha yamaliza gawo la tsiku lonse, chakudya chamadzulo chisanafike n'komwe. N'zosadabwitsa kuti munthu wa ku Japan amadya pafupifupi magalamu 10 patsiku.

Mchere ukachuluka m'magazi, thupi limasunga madzi kuti liusungunule. Ndi chifukwa chake ludzu limakugwira ukangotuluka pakhomo. Madziwo amachulukitsa magazi m'mitsempha, mtima umapopa mwamphamvu, ndipo impso zimavutika kutaya wotsalawo. Tsiku limodzi thupi limapirira. Koma zikakhala za tsiku ndi tsiku kwa zaka, BP imakwera mwakachetechete, mitsempha imauma, mpaka mtsempha wina wa m'bongo kutsekeka kapena kuphulika. Ndiyo sitiroko imeneyo.

Mu 2019, akatswiri a ku Jichi Medical University anapeza kuti zigawo za Japan zimene zili ndi malo ambiri odyera ramen poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu zilinso ndi imfa zambiri za sitiroko. Kafukufukuyu anayerekeza zigawo, osati munthu payekhapayekha, choncho sitingati ramen ndiye wapha anthuwo. Komabe akugwirizana ndi zimene madokotala akhala akunena za mchere.

Malangizo amene amaperekedwa ku Japan ndi osavuta: idya ma noodles, nyama ndi masamba, msuzi ulawe pang'ono, wotsalawo usiye, pakuti mchere wambiri uli mmenemo. Chimodzimodzi ma noodles a m'mapaketi, amene Momofuku Ando anayambitsa mu 1958 ndipo lero ali m'mashopu a kwathu kuno: kapepala ka zokometsera kaja suyenera kukakhuthula konse.

Chovuta n'chakuti msuziwo ndiye luso la wophika. Wauyang'anira pamoto kuyambira m'mamawa, nthawi zina kuyambira dzulo, ndipo waima pomwepo kutsogolo kwako pamene ukumubwezera mbale msuzi uli theka.